Diresi Yopanda Mabatani

Chifuwa cha Chitsiriza chinkamveka mpaka pamsewu. Mwanayo akayamba kutsokomola, ometa tsitsi a kutsidya kwa msewu ankayang'anana n'kufunsana kuti kaya makolo ake akudikira chiyani. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha, koma akangothamanga pang'ono, m'chifuwa mwake munkalira ngati mwalowa kamwana ka mphaka. Mwezi umodzi wokha anapita naye kuchipatala katatu.

Amayi ake ankadziwika ndi dzina loti a Sutikesi, ndipo dzinali silinagwe kumwamba. Mayiwa anali ndi masutikesi asanu ndi anayi osanjikiza mpaka kudenga, osawerengera makatoni ndi matumba. Munali chilichonse mmenemo: majuzi a ana awo atatu aakulu amene anachoka kale pakhomo, makatani a nyumba imene anasamukamo kalekale, mabulangete, nsapato zopanda zinzake, ndi madiresi amene anasiya kuwakwana Chitsiriza asanabadwe n'komwe. Munthu akawafunsa kuti akusungiranji zonsezi, yankho linali limodzi, loti zidzagwira ntchito tsiku lina. Tsiku linalo linali lisanafikebe kwa zaka khumi ndi zisanu.

Pabalaza pawo panali mbee, poti alendo amafikira pamenepo. Katundu yense anali m'kachipinda kakumapeto, momwe munkagona Chitsiriza. Makatoni anali atatseka zenera, ndipo kuti mwanayo afike pakabedi kake ankayenda chammbali ngati nkhanu.

Ulendo wachitatu wakuchipatala uja anakumana ndi namwino wamkulu, mayi wamfupi wamagalasi amene sankadziwa kuzungulira nkhani. Atamupima mwanayo anati ndi mphumu, n'kuwapatsa kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa. Kenako anafunsa kumene mwanayo amagona. A Sutikesi anayankha kuti ali ndi chipinda chakechake, ndipo anayankha mokweza kuti amayi ena a pamzere amve bwino. Namwinoyo anangogwedeza mutu n'kunena kuti poweruka amadutsa mumsewu wawo womwewo, ndiye asuzumirako.

Anabweradi tsiku lomwelo dzuwa likadalipo. Analowa m'kachipindamo chammbali n'kupempha kuti amutsegulire sutikesi imodzi. Fungo la chuku linawafika kukhosi onse awiri, mphemvu zitatu zinathawira pansi pa bedi, ndipo namwinoyo anayetsemula mpaka magalasi kutsetsereka.

"Mayi, mankhwala ndapereka," anatero akupukuta mphuno, "koma mwanayu akupuma fumbi ndi chuku nthawi yonse imene wagona. Ine ndikuchiza, chipindachi chikudwalitsa. Katunduyu atuluke, zenera litseguke. Mukapanda kutero tsiku lina adzabanika, ndipo mwina simudzafika naye kwa ife."

A Sutikesi anafunsa kuti katundu wabwinobwino chonchi akamutaye kuti. Namwinoyo anati sananene zotaya. Anawakumbutsa kuti mumsewu womwewo muli ana amene amapita kusukulu kukuzizira opanda juzi, ndiponso mabanja ofunda bulangete limodzi anthu anayi. Zochapika zichapidwe zipite kwa anthu amenewo, zowola zokha ndiye zitayidwe.

Mantha amapatsa mphamvu. M'mawa mwake a Sutikesi anatulutsira katundu yense pakhonde, n'kumuphimba ndi pepala la pulasitiki. Zenera linatseguka molira ngati lakwiya kuti alidzutsa. Kachipangizo kamankhwala kaja anakaika pazenera pomwepo kuti kazioneka msanga. Sabata imeneyo Chitsiriza anagona ngati khanda.

Nkhani ikanathera pamenepa ikanakoma, koma kunabwera alamu. Awa anali mchemwali wa amuna a a Sutikesi. Anali ndi saluni kumsika, ndipo miseche yonse ya m'deralo inkayambira pansi pa zowumitsira tsitsi zawo. Anaima pakhonde manja ali m'chiuno, n'kumvetsera zonse za namwino uja, kenako anapukusa mutu.

"Alamu, kupatsa munthu wakutali ndiye bwino, simumuonanso. Koma wapamphuno pomwepa? Azidzadutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku atatchena ndi zanu zomwe, anthu n'kumati wakuposani. Dulani mabatani. Malamba sungani. Chovala chipite chofunda, osati chonyadira."

A Sutikesi anaseka n'kunena kuti alamu inu mulibe chisoni. Koma mawuwo anali atalowa. Alamu atangotembenuka, iwo anatenga lezala ndi chitini chakale cha mabisiketi, n'kukhala pansi ndi sutikesi yoyamba. Juzi iliyonse, malaya aliwonse, ankadula mabatani onse, ndipo ankagwera m'chitinimo kuti ngwe, ngwe, ngwe.

Pansi penipeni pa sutikesiyo panali diresi yobiriwira yansalu yolemera, ya mabatani khumi ndi awiri onyezimira kuchokera pakhosi mpaka m'mawondo. Anawagulira amuna awo chaka choyamba cha banja lawo. A Sutikesi anakhoma chitseko n'kuiyesa. Inakakamira m'mapewa, osatsika, osakwera, ndipo kuti ivulike anachita kulimbana nayo thukuta lili kamukamu. Itavulika anaipsera mtima ngati yawatukwana. Mabatani ake onse analowa m'chitini.

Sutikesi yoyambayo anaganiza zokapereka kwa a Thovu. Awa anali mayi wochapira anthu zovala, wamasiye, wa ana atatu, amene ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yometera. Dzinali anapatsidwa chifukwa nthawi iliyonse ukakumana nawo, m'mikono munali thovu la sopo. Anali wochepa thupi, wosalankhulalankhula, ndipo diresi yawo inali itasuluka moti palibe ankakumbuka mtundu wake woyamba. A Sutikesi anasankha nthawi imene pometera pamadzaza anthu, n'kudutsa pamenepo ndi mtolo pamutu, akupereka moni kwa aliyense ngakhale amene sankayankhulana nawo. A Thovu analandira ndi manja awiri n'kuthokoza mobwerezabwereza. Anayang'ana timaulusi totsalira pamene panali mabatani, anatisisita ndi chala, koma sananene kanthu.

Chimene a Sutikesi ndi alamu awo anaiwala n'chakuti munthu wochapa sasowa mabatani. Madzi akatayidwa, pansi pa beseni pamatsala batani pafupifupi tsiku lililonse. A Thovu ankawaonetsa eni ake, koma ambiri ankangoti tayani. Iwo sankataya. Anali ndi botolo lodzaza mabatani a zaka ndi zaka, ndipo singano ankaidziwa.

Loweruka lotsatira kunali msonkhano wa makolo kusukulu ya Chitsiriza. Amuna a a Sutikesi, dalaivala wa lole amene ankaoneka pakhomo kawiri pamwezi, anali atabwera, ndiye anapitira limodzi. Anakhala kutsogolo, chifukwa tsiku limenelo kunali kusankha komiti ya makolo, ndipo a Sutikesi anali atauza kale anthu angapo kuti iwo sangakane atasankhidwa.

Msonkhano utangoyamba, makosi onse anatembenukira kukhomo. Kunalowa mayi wovala diresi yobiriwira, yosita bwino, yochepetsedwa m'chiuno ngati anachita kumuyeza telala. Kutsogolo kwake kunali mabatani khumi ndi awiri, ndipo panalibe awiri ofanana. Lina lofiira, lina loyera, lina lamtengo, lina lachikasu looneka ngati duwa, koma anawasanja mwaluso moti ukanalumbira kuti diresiyo inabadwa choncho. Panatenga kanthawi kuti anthu azindikire kuti ndi a Thovu. Mphunzitsi wa Chitsiriza anachita kusiya kaundula n'kukawafunsa kuti telala wake ndi uti.

Nsanje inawagwira a Sutikesi. Ali mkati molimbana ndi zimenezo, amuna awo anawakodola ndi chigongono.

"Amayi, taonani diresi iyo. Bwanji inu simugula zoterozo? Mumangokonda zakudazi."

Munthu amene anagula diresiyo ndi manja ake! A Sutikesi akanafunsidwa ngati msonkhanowo unali wa mabuku kapena wa zimbudzi, sakanadziwa. Anangoona a Thovu, munthu amene masiku onse ankabisala pabenchi yakumbuyo, ataimirira n'kulankhula zomveka za ana amene amajomba kukazizira. Anthu anaomba m'manja. Pofika nthawi yosankha komiti, dzina la a Thovu linatchulidwa ndi anthu atatu nthawi imodzi. La a Sutikesi palibe analikumbuka.

Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato. Anayamba kukoka masutikesi asanu ndi atatu otsalawo kuchoka pakhonde kubwerera m'kachipinda ka Chitsiriza, makatoni ndi matumba omwe, mwaphuma, akuponyera paliponse. Amuna awo anafunsa ngati namwino uja anasintha maganizo. Anayankhidwa kuti mvula ikhoza kubwera, ndiponso kuti munthu wosakumbuka chimene anagula asamalowerere za katundu wa eni. Bamboyo sanamvetse kuti walakwa chiyani. M'mawa mwake ananyamuka ndi lole yake.

Tulo ta nsanje ndi tochepa. Lolemba a Sutikesi analawirira kumpope ndi chidebe chimene sichinkafunika madzi. Anapeza amayi asanu ndi mmodzi akukambirana za diresi yomweyo. Anadikira pang'ono, kenako anati, ngati akungodutsa nayo nkhaniyo, zija ndi nsanza zawo zakale zimene ankafuna kupangira chokolopera.

Mkazi wa wometa, mayi amene lilime lake linali lakuthwa kuposa makina a mwamuna wake, anaika chidebe pansi. "Tikudziwa, mayi, atiuza okha. Akukutamandani msewu wonse. Chimene chatizunguza n'chimodzi. Mabatani khumi ndi awiri kuthothoka onse pamodzi? Ndi a majuzi a ana omwe? Njenjete za kwanu zimayenda ndi lezala?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunachititsa kuti madzi asefukire m'zidebe ziwiri osaonedwa. A Sutikesi anachita manyazi osakanikirana ndi ukali, ndipo pakamwa panatuluka chimene sanakonzekere. Anati ndiponso diresiyo sanapereke, anangobwereketsa.

Mawu a pampope sadikira minibasi. Dzuwa lisanapendeke, a Thovu anali atafika pakhomo pa a Sutikesi atavala diresi yawo yosuluka ija. M'manja munali yobiriwira, yochapa, yosita, yopinda bwinobwino.

"Ndamva kuti munandibwereka," anatero mofatsa. "Pepani, ndine ndinamva molakwa. Nayi. Mabatani ndachotsa poti ndi anga, ndiye yabwera mmene inachokera. Majuzi ana avala kusukulu. Ndichapa kaye ndiye ndibweretsa."

A Sutikesi anafuna kunena kuti majuziwo akhale, koma kunyada kunawaletsa. Analandira diresiyo, ndipo a Thovu anatembenuka n'kumapita osathamanga, osacheuka.

Ndiye kuti a Sutikesi anapambana. Alamu atamva anabwera kudzawayamikira, amvekere tsopano aliyense adziwa malo ake. A Sutikesi analowa m'kachipinda kaja, anatsegula masutikesi atatu kufuna poika diresiyo, n'kuiponya m'kati fumbi lili koboo. Anakhala pakabedi ka mwana kudikira kuti mtima ukhale pansi. Sunakhale. Diresi inali yawo, koma inali yosawakwanabe, ndipo tsopano msewu wonse unkadziwa za lezala.

Lachinayi Chitsiriza anabwera kuchokera kusukulu akuti watopa, n'kukagona masana. Amayi ake anali kuseri akuyanika zovala. Atalowa kuti amudzutse adye, anamupeza atakhala tsonga pabedi, mapewa akukwera ndi kutsika, maso ali tong'o, milomo itatuwa. Sankatha ngakhale kuitana. M'chifuwa munkalira ngati wenzulo wosweka.

A Sutikesi anathamangira kachipangizo kamankhwala kaja, ndipo apa m'pamene anakumbukira kuti kanali pazenera. Zenera linali kuseri kwa makatoni. Anayamba kugwetsa katundu ngati wamisala, nsapato uku, makatani uko, fumbi likuwonjezereka, mwana akubanikirabanikira. Atafika pazenera kachipangizoko panalibe, kanali katagwera penapake m'mulu wa zinthu zodzagwira ntchito tsiku lina. Anamunyamula mwanayo n'kutuluka naye akukuwa, opanda nsapato, chitseko chili pululu. Wometa anasiya munthu mutu uli theka n'kuimitsa takisi pakati pa msewu.

Kuchipatala anamulandira mothamanga n'kumuveka chopumira kumaso. Panapita nthawi yaitali mapewa aja asanayambe kutsika. A Sutikesi anakhala pabenchi panja, mapazi ali mbuu. Namwino wamagalasi uja atatuluka sanakalipe. Anakhala pambali pawo n'kunena kuti mwana wapulumuka, koma pang'onong'ono. Anati atamufunsa Chitsiriza ngati akugonabe m'chipinda chake, mwanayo wayankha kuti chipindacho si chake, n'cha masutikesi, iye amangogonamo.

Apa a Sutikesi analira. Kenako anaulula zonse, za alamu, za lezala, za msonkhano, za pampope. Anati mtima wawo sutha kupirira kuona munthu wina akuoneka bwino ndi chinthu chawo.

"Diresiyo ikukukwanani?" anafunsa namwinoyo.

"Ayi."

"Zaka zonsezi imavalidwa ndi mphemvu, simunazichitire nsanje. Lero yavalidwa ndi munthu ndiye mutu wakupwetekani?"

A Sutikesi anaseka misozi ili m'masaya. Namwinoyo anapitiriza mofatsa. Anati nsanje imabwerera aliyense, iyenso imamubwerera, koma munthu amasankha ngati aipatse mpando. Anati chinthu ukapereka chimatuluka m'manja mwako ndi m'kamwa mwako momwe, sumachitsatira kuti uone chikuyenda bwanji kapena kulengeza kumene chinachokera. Ukafuna kupatsa, upereke chathunthu ndi choyera, chimene iwe ukanalandira osachita manyazi. Kumupatsa munthu chinthu utachilemaza dala ndi kumuuza kuti ukufuna akhalebe pansi pako. Pomaliza anati mwana agona m'chipatala masiku awiri, ndipo sakufuna kumva kuti wabwerera m'fumbi lomwe lija.

A Sutikesi atafika kunyumba madzulo anapeza chitseko chokhoma, zovala zimene anasiya pachingwe zitaanulidwa. Mkazi wa wometa anawauza kuti a Thovu ndi amene anaona nyumba ili pululu, anatseka, ndipo kiyi ali nayo iwowo. Panalibe njira ina yolowera m'nyumba yawo yomwe koma kudzera kwa munthu amene anamuchititsa manyazi.

Aka kanali koyamba kulowa m'chipinda cha a Thovu, poti tsiku la mtolo lija anathera pakhomo pomwe panali anthu oonerera. Munali matiresi amodzi oimika kukhoma, tebulo lositira, ndi zovala za eni zopachika mwadongosolo pachingwe. Pazenera panali botolo la mabatani. Pafupi ndi chitseko panali thumba, ndipo m'kati mwake munkaoneka majuzi atatu ochapa, opinda, odikira kubwezedwa. Mwana wamng'ono wa a Thovu anali atakhala pamkeka atakumbatira mawondo, atavala malaya opyapyala.

A Thovu anayamba ndi kufunsa za Chitsiriza. Atamva kuti ali bwino anapumira m'mwamba, n'kupereka kiyi. A Sutikesi anailandira, anapita kwawo, ndipo posakhalitsa anabwereranso atanyamula diresi yobiriwira ndi chitini cha mabisiketi. Anachitsegula patebulo lositira.

"Awa ndi mabatani a zonse zimene ndinakupatsani. Sanathothoke. Ndinadula ndine."

"Ndinadziwa," anayankha a Thovu. "Ulusi wotha wokha ndi ulusi wodula ndi lezala sizifanana. Ntchito yanga ndi imeneyi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ana anga ankazizidwa, mayi. Juzi yopanda batani imafundabe."

Mawu amenewa anawapweteka a Sutikesi kuposa kuseka konse kwa pampope. Anapepesa, osati kamodzi. Anatulutsa okha juzi m'thumba lija n'kumuveka mwana wa pamkeka uja. Kenako anapempha chithandizo, poti masutikesi asanu ndi atatu m'masiku awiri sakanawatha okha. A Thovu anaganiza kaye. Anati ntchitoyo aigwira chifukwa cha Chitsiriza, koma za diresi, ngati ikuperekedwadi, mawuwo anenedwe pomwe ananenedwa oyamba aja.

M'mawa mwake a Sutikesi anapita kumpope opanda chidebe. Ananena pamaso pa onse kuti diresi yobiriwira ndi ya a Thovu, kuti za kubwereka zija linali bodza, ndiponso kuti njenjete ya lezala ija ndi iwowo. Mkazi wa wometa anatsegula pakamwa kuti aponye kenakake, koma anapeza kuti nkhani yatha kukoma poti mwini wake wainena yekha. M'malo mwake anafunsa ngati pakufunika beseni lina.

Masiku awiri amenewo pakhomo pa a Sutikesi panali ngati pamsika. Zowola anaziika pazokha n'kukataya. Zina zonse zinachapidwa, ndipo zingwe za nyumba zinayi zinadzaza. Amayi atatu anakhala pakhonde ndi singano, akufufuza m'chitini kuti batani lililonse libwerere kwawo. Pogawa m'pamene a Thovu anaonetsa kuti ndi katswiri. Munthu wochapa amadziwa nyumba iliyonse, amadziwa kumene bulangete latha ndi kumene mwana wakula kuposa malaya ake. Ankangoyang'ana chovala n'kunena kuti ichi chikwana mwana wachiwiri wa mlonda, ichi agogo okhala okha a kumapeto kwa msewu. Anati zinthuzo zisapite ndi gulu, azipereka munthu mmodzi mwakachetechete, kuti wolandira asachite kuonetsedwa. A Sutikesi, amene ankakonda mtolo wa pamutu ndi moni wa aliyense, nawonso anavomera.

Alamu anatulukira tsiku lachiwiri. Anati alamu mwapusa, mudzalira. Akunena choncho maso anali pa makatani amaluwa amene anali pachingwe, ndipo pochoka anafunsa ngati alipo kale mwini wake, poti kusaluni dzuwa limavutitsa makasitomala. A Sutikesi anawauza kuti makataniwo apita kwa mlonda, amene zenera lake linali lotseka ndi katoni. Alamu anachoka milomo ili patali.

Ngakhale masutikesi enieniwo anapita, kupatula imodzi. Kachipangizo kamankhwala kanapezeka m'nsapato yopanda inzake. Kachipinda kanakolopedwa kawiri, makoma anapukutidwa, zenera linasiyidwa lotsegula. Chitsiriza atabwera kuchokera kuchipatala anaima pakhomo n'kufunsa ngati amanga chipinda china. Kenako analowa choongoka, osati chammbali, n'kuzungulira katatu pakati manja atatambasula.

Mabatani onyezimira aja a Thovu anawakana. Anati ndi okongola ndithu, koma anthu awazolowera ndi awo osafanana aja, ndiye anasokereranso omwewo. A Sutikesi anamva kakulasa mumtima, poti mwakachetechete ankayembekeza kuti diresiyo idzakoma chifukwa cha mabatani awo. Anawabwezera m'chitini.

Patapita masabata awiri, lole inabweranso. Madzulo ena awiriwo atakhala pakhonde, a Thovu anadutsa mumsewu akupita kumsonkhano wa komiti, diresi yobiriwira ikuwala. Bambo aja, amene sankaphunzira msanga, anayambanso kunena kuti koma diresi imene ija ndiye diresi.

"Munagula ndinu," anatero a Sutikesi. "Chaka choyamba cha banja lathu."

Bamboyo anayang'anitsitsa mpaka kutukula khosi. "Ndiye kuti ndimadziwa kusankha."

Nsanje ija inawagwiranso a Sutikesi, poti sisamuka tsiku limodzi ngati sutikesi. Mawu owawa anali atafika kale palilime. Koma kuseri kwa nyumba kunkamveka chingwe chikumenya pansi, ndi mawu a Chitsiriza akuwerenga kudumpha kwake. Anali atadutsa makumi atatu, ndipo m'chifuwa munali zii. A Sutikesi anamvetsera mpaka makumi anayi. Kenako anaimirira n'kupita kumpanda.

"A Thovu, taimani kaye," anaitana. "Kolala yapindika kumbuyoku. Bwerani ndikukonzereni."

Phunziro: Katundu amene sitikumugwiritsa ntchito amangosonkhanitsa fumbi, chuku ndi tizilombo, ndipo akhoza kudwalitsa ana athu, pomwe pafupi nafe pali anthu amene akumusowa. Tikamapereka, tipereke zoyera ndi zathunthu, mosaonetsera, ndipo zikamukhala bwino mnzathu tisazitsatire ndi nsanje. Chimene wapereka si chakonso.